Kamzere ka Patsogolo pa 3

Nyumba ina yosanja inamangidwa m'mbali mwa nyanja, khomo lake lili mulingo umodzi ndi madzi. Pakhomopo analembapo 0. Kukwera m'mwamba kunali 1, 2, mpaka 9. Kutsika pansi, koimika magalimoto, kunali -1, -2 ndi -3.

Mlonda wa ku -3 anakhalako zaka khumi ndi zisanu. Anali ndi mpando wachitsulo, tochi, ndi khungu lotuwa chifukwa chosaona dzuwa. Kamzere ka patsogolo pa 3 ankati n'kokongoletsa chabe. Chimene chinkamugoneka tulo tabwino n'chakuti mlamu wake, wokolopa wa pa 2, ankachepa kwa iye ndi imodzi yathunthu.

"Limbikirani, alamu," ankatero akakumana m'chikepe. "Tsiku lina mudzatipeza."

Lolemba lina kapitawo anatsika ndi kalata. "Bambo, takukwezani. Kuyambira mawa muli ku -1."

"Kuchoka pa 3 kupita pa 1? Ndalakwanji ine, bwana?"

Kapitawo anatola choko, najambula mzere woimirira pakhoma, 0 pakati. "Nyanja ili apa. Inu muli apa, pansi penipeni. Pa -1 ndi pamwamba kuposa pa -3. Ngakhale alamu anu akukuposani ndi nsanjika zisanu."

Mlonda anayang'ana uku ndi uku. "Zimenezi mwawauza?"

"Ayi."

"Ndiye fufutani."

Kalata anaikana, nakhalabe pampando wake.

Patapita mwezi, pampu yopopa madzi inafa, nyanja n'kuyamba kulowa m'ming'alu. Madzi atafika m'mawondo, mlonda anasenza mpando, nakwera ku -2 akudandaula kuti amuchepetsa. Masana anali ku -1. Pofika madzulo anatulukira pa 0, kuwala kukumuthobwa m'maso, nsapato zikulira madzi.

Mlamu wake anali pomwepo ndi chokolopera. "Alamu, lero muli pa nambala yanji?"

Mlonda anayang'ana 0 wa pakhoma. Kenako anasuzumira m'masitepe, momwe matayala ankayandama, naika mpando pansi n'kukhala mopingasa miyendo.

"Pano ndangodutsa. Kwanga kwabwera mlendo. Nyanja yathunthu yasiya kwawo, yasankha 3. Kwanu ku 2 inafikako liti?"

Mlamu anakanda mutu.

M'mawa mwake mlamuyo anakagogoda kwa kapitawo, kupempha kuti ngati malo angapezeke, nayenso amukweze apite pansi.