Khoma la Chinkhoswe cha Asisi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene anzanga awiri anandigwiritsa fuwa la moto, ndipo mpaka lero ndikakumbukira mtima umandiwawabe.

Kwathu ku Chipangali, mvula ikatsanzika ndipo anthu akatha kukolola, atsikana tinkazira nyumba n'kukongoletsa makoma ndi dothi lamitundumitundu. Ife tinali atatu: ine, Tamala wa kuseri kwa tchalitchi, ndi Fatuma, mwana wa eni golosale ya pamsewu. Loweruka lililonse tinkakumana kudambo ndi mabeseni athu, kukumba katondo wofiira ndi dothi loyera, kenako n'kupita kukajambula. Lamulo lathu linali limodzi: nyumba tizichita mosinthana, ndipo palibe wojomba pa tsiku la mnzake.

Aliyense anali ndi dzanja lake. Tamala ankalemba ndi khala. Akangoti kwee kwee, nkhanga yaima pakhoma ngati ikufuna kulira. Fatuma ankadziwa kusakaniza. Ankasefa dothi pa kansalu, kuthira phulusa pang'ono, n'kumatikita ndi zala mpaka litafika poti likauma lisang'aluke. Ine ndinali wodzaza. Ndinkatafuna kamtengo kuti kakhale burashi, n'kumalowetsa mtundu m'kati mwa mizere ya Tamala osadumphitsa ngakhale kadontho. Tinkakangana, kusekana, kudya mtedza wokazinga ndi manja amatope. Fungo la khoma lonyowa likamawombedwa ndi dzuwa ndimalimvabe.

Tinayamba ndi kwa a Tamala. Kenako kwa a Fatuma, kumene abambo ake anatiletsa kujambula zamoyo, ndiye tinadzaza maluwa okhaokha Maloweruka atatu athunthu. Ine ndinapempha dala kukhala womaliza. Asisi anga a Esinati anali ndi chinkhoswe Lamulungu lina, ndipo ndinkafuna kuti akuchimuna, anthu a m'tauni ku Chipata, adzapeze khoma lathu lili latsopano. Ndinali nditadzitama kale kwa amayi kuti asavutike, khomalo n'langa.

Loweruka lake ndinalawirira kudambo. Anzanga kunalibe. Ndinakumba ndekha, kusenza maulendo atatu, n'kukhala pakhonde kudikira. Dzuwa litafika paliwombo ndinathamangira kugolosale, ndipo amayi ake a Fatuma anandiyang'ana modabwa.

"Iwe sunapite? Anzako awatenga pa galimoto m'mawa. Kuli amayi ena ku Chipata anaona khoma lathuli, afuna awajambulire pa sukulu yawo ya mkaka."

"Anadziwa liti, amama?"

"Aa, si Lachiwiri lija?"

Lachiwiri! Chonsecho Lachisanu tinali limodzi pamjigo, iwo n'kumandifunsa mosekerera ngati ndikufuna nkhanga kapena nkhunda.

Khomalo ndinajambula ndekha, ndikulira. Dothi ndinasakaniza mmene ndinkaonera Fatuma akuchitira, koma pofika madzulo linali litang'aluka ngati chidendene cha m'chilimwe. Za nkhanga ndiye musanene. Tsiku la chinkhoswe azakhali a mkwati anaima pakhomapo, nagwira m'chiuno.

"Apongozi, ichi n'chiyani? Dzungu kapena kamba?"

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Asisi anangowerama. Amayi analowa m'nyumba mwakachetechete, natulutsa mphasa, n'kuiimika pakhomapo. Kusekako ndikanapirira, koma mphasa ija inandimaliza.

M'mawa mwake ndinawapeza anzanga aja pamjigo, n'kuwafunsa chimene anandisiyira. Fatuma anayang'ana pansi. Tamala ndiye anayankha, mopanda manyazi n'komwe.

"Amayi aja anati afuna awiri chabe. Manje tikanachita bwanji? Kudzaza aliyense angakwanitse."

Sindinamumenye, ngakhale dzanja linkayabwa. Ndinasenza ndowa yanga isanadzaze n'kubwerera.

Loweruka lotsatira anafika kwathu ndi mabeseni pamutu, katondo atasefa kale. "Tabwera tikonze khoma lija," anatero Fatuma chapansipansi. Ndinalandira beseni lake ngati munthu wabwino, n'kulikhuthula pabwalo iwo akuona. "Chinkhoswe chinatha," ndinatero. "Kadzazeni kwanu." Anatola mabeseni awo n'kumapita, ndipo ine ndinamva kukoma kwa sabata yathunthu. Sitinakumanenso kudambo.

Papita zaka zambiri. Fatuma anakwatiwa ku Lusaka, ine ndimasoka zovala kuno ku Chipata. Chaka chatha ndinakumana ndi Tamala pamsika akugulitsa salaula, zovala zovalidwapo kale zija. Tinapatsana moni wa anthu akuluakulu, kufunsana za ana ndi za maliro. Kenako pakamwa panandiyabwa, ndinamufunsa ngati amajambulabe.

"Ine? Ndinasiya chaka chomwecho," anatero akupinda malaya. "Ku sukulu kuja anafufuta zonse, anati mitundu inatayikira kunja kwa mizere. Ndipo wekha ungajambulire ndani? Palibe wokuseka, palibe wokuuza kuti khosi latalika."

Ndinadikira kuti apepese. Sanapepese, ndipo ine sindinganame kuti ndinamukhululukira. Anandilakwira, ndipo ndidzanenabe choncho.

Koma pobwerera, ndili m'minibasi, ndinazindikira chimene chinandidutsa ndili mwana. Ndinkaganiza kuti luso lili mwa Tamala, ndipo iyenso ankaganiza choncho. Ayi ndithu. Linkabwera tikakhala pamodzi, phewa ndi phewa, wina akulalatira mnzake. Iwo anandibera Loweruka limodzi lokha, limene ndinkalifunitsitsa. Ena onse otsalawo, a moyo wathu wonse, ndinatibera ndine.