Amalume Anamwalira Pawailesi Yanga

Lachiwiri masana tinali pakhonde kumvera mauthenga a maliro, ine, akazi anga ndi achimwene awo a Gervazio. Kuno kutsinde kwa Chongoni nkhungu ikatsika, wailesi imathetheka ngati chimanga m'chiwaya. Tinangotolapo "…mwendo… amwalira… ku Ka…", kenako shiii.

"Amenewo ndi amalume a Kamwendo, ku Kaphuka," anatero alamu, chipewa chili kale m'manja.

Ine ndinamva Kasungu. Tinatuma uthenga kwa anzathu a kumtunda, kumene wailesi imagwira bwinoko. Iwo anamva Kasiya.

"Achimwene, tadekhani," anatero akazi anga. "Loweruka ndinawaona pa Chimbiya atasenza thumba la mbatatesi. Munthu wotero afe, uthenga ukazungulire ku Blantyre, ife apafupi osamva? Chimene tamva n'chochepa, chimene tikudziwa n'chambiri. Phatikizani ziwirizo."

"Khutu langa linali pafupi ndi wailesi kuposa anu nonse," anayankha alamu, ulendo.

M'njira anatola azimayi a pachibale, ndipo analowa m'mudzi akulira. Amalume anawapeza kudimba akukumba mbatatesi. Mkuluyo anatsamira khasu, nayang'ana olirawo mmodzimmodzi.

"Nanga aphunzitsi aja ndi mkazi wawo ali kuti? Maliro anga awachepera?" Aphunzitsiwo ndine.

Mwaona? Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ife odekhafe ndi amene tikusaka tambala wokapepesera. Alamu anabwerako ndi mbatatesi.

Musawaseke kwambiri, awerengi. Masiku ano tonse tikukhalira kutola zidutswa. Tafunsani kusitolo kuti feteleza afika liti. Tafunsani kumene anapita kalaliki uja ankakonda kuimika dzanja pamsonkhano. Wina akuti anamusamutsa. Wina akuti ali kuchipatala. Wachitatu amayang'ana kaye kumbuyo, n'kuika chala pakamwa.

Ndipo luso tili nalo. Timatenga zimene tikudziwa za munthuyo, n'kuikapo galimoto yachilendo imene inaima pakhomo pake tsiku limene anasowa, n'kuchotsapo mabodza a pamowa. Yankho limatuluka loyera bwino. Tikatero timalimeza, n'kuyamba kukamba za mvula.

Mkazi wa kalalikiyo amasesa pabwalo m'mawa uliwonse, ndipo ife timalambalala nyumba yake ngati pali njuchi. Alamu anga anamva molakwa, koma anayenda mtunda wonsewo kukalira ndi abale. Nanga ife amene tinamva molondola, ndani wapondako pakhomo paja?