Diresi la Madamu Oyiwala

Ana a kalasi yoyamba anawapatsa mphunzitsi wawo dzina loti Madamu Oyiwala, ndipo dzinalo analikhetsera thukuta. Buku ankaligwira chadodolido. Ankajambula mbuzi ya miyendo isanu pa bolodi n'kuima pambali kuisirira. Choko ankachifunafuna m'kalasi monse chili m'manja mwawo. Ana ankakuwa, kudumpha, kulimbirana kuwakonza, osadziwa kuti phunziro lenileni ndi lomwelo. Madamu ankati mwana akakonza mphunzitsi kamodzi, mantha amamuthera, mawa amayankha yekha.

Malipiro awo anali aja ofika lero, mawa n'kutsanzika. Amuna awo, okonza njinga, ankawaseka kuti munthu wolembedwa ntchito yolakwitsa asadabwe akamalandira zochepa. Madamu ankaseka nawo, chifukwa ntchitoyo ankaikonda.

Chaka china kunabwera kamtsikana kosalankhula kusukulu. Kunyumba akuti kankalongolola bwinobwino, koma kakangolowa m'kalasi pakamwa pankatsekeka. Kankakhala kumapeto kwa benchi, pafupi ndi zenera, kumangoyang'anitsitsa zonse. Ahedi analamula kuti teremu ikatha kasanatsegule pakamwa, kabwerere kunyumba kakadikire chaka chamawa. Zimenezi zinawapweteka Madamu, chifukwa ankaona kuti mutu wa mwanayo ukugwira.

Anayesa zonse. Anawerenga manambala chobwerera m'mbuyo, anaphunzitsa atayang'ana khoma, anatchula tsache kuti supuni. Kalasi yonse inkafa ndi phwete, koma kamtsikanako kankangowayang'ana ngati kakuwamvera chisoni.

Sabata yomaliza ya teremu, mwana wa Madamu anadwala chifuwa, iwo n'kudzuka mochedwa. Anavala mothamanga, kusukulu n'kukafika ali wefuwefu. Tsiku limenelo analibe mphamvu za masewera, anangophunzitsa mowongoka, ana n'kumadabwa kuti bolodi lilibe chokonza. Pa nthawi yopuma, onse atathamangira panja, Madamu anamva wina akuwakoka pa mkono.

"Madamu," kanatero kamtsikana kaja monong'ona, "diresi lanu mwavala motembenuza. Koma musadandaule, sindiuza aliyense."

Anadziyang'ana. Zoonadi, misoko yonse inali kunja, matumba akulendewera m'mbali. Manyazi anawagwira, koma chimwemwe chinaposa manyaziwo. Anagwada n'kukafunsa chifukwa chimene sikanawakonzepo masiku onsewa.

"Zinazo mumachitira dala," kanayankha. "Izi ndiye mwalakwitsadi."

Madamu sanatembenuze diresilo. Anakagwira dzanja n'kudutsa nako pabwalo, aphunzitsi anzawo akukodolana, mpaka mu ofesi ya ahedi. Anakaimika patsogolo pa tebulo n'kukapempha kuti kanenenso zimene kanaona.

Kamtsikanako kanatseka pakamwa. Ahedi, amene diresilo analiona Madamu akulowa kumene, anavula magalasi n'kukafunsa mofatsa kuti kodi aphunzitsi ake chawachitikira n'chiyani lero.

Kanayang'ana Madamu, kanayang'ana ahedi, kenako kanayankha momveka bwino mpaka pakhomo.

"Sindinganene. Ndawalonjeza."

Ahedi anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kunena kuti mwana wotere sabwerera kunyumba, malo ake ndi pa benchi. Madamu anatuluka atakanyamula m'manja, ngakhale kanali kolemera ndithu.