A Rafaeli Omanga Manja

Ku Milepa ukafunsa za a Rafaeli, ena akulozera kwa ogula nandolo, ena kwa akatekisiti. Koma ukati "omanga manja aja", aliyense akulozera kanjira ka kuseri kwa chigayo, kokafika pamtengo wa mango wolendewera thumba la mchenga.

Adagwira ntchito yomanga mabala pachipatala cha mishoni zaka makumi awiri ndi zisanu. Nkhonya adaziphunzira ku Limbe ali mnyamata, ndipo kumeneko adathyoka polumikizira dzanja ndi mkono chifukwa chomenya thumba osamanga manja. Fupalo lidapola mokhota. Kuyambira pamenepo lamulo lawo lidali limodzi: palibe wokhudza thumba iwo asanamumange.

Mabandeji ankapanga okha pong'amba zitenje zakale za akazi awo, mayi Bibiana. Chitenje chatsopano ankachikana, ati chimaterera. Ankafuna chochapidwachapidwa mpaka maluwa ake kufufuka. Loweruka masana tinkaima pamzere, iwo atakhala pampando wa ndalema. "Tambasula zala," ankatero, kenako nsalu n'kuyamba ulendo: katatu pamkono, kuzungulira chala chachikulu, kudutsa pakati pa zala, n'kubwereranso pamkono. Akamaliza ankafunsa, "Fumbata. Ukuzimva zala zonse?" Magolovesi adalipo mapeyala awiri okha, osokedwanso ndi wokonza nsapato, otuluka thonje m'mbali. Mpaka lero ndikamva fungo la chitenje chowuma padzuwa, zala zanga zimafuna kutambasuka zokha.

Pamzerewo ndidaimapo zaka zitatu ndisanapite ku Kepi Tawuni. Kumeneko mabandeji ndi ogula m'sitolo, omata okha, ndipo aliyense amadzimanga yekha pakona, nyimbo zili m'makutu. Zaka zisanu ndi chimodzi palibe adandigwirapo dzanja. Pobwerera chaka chatha ndidawatengera mapeyala khumi, ndikuganiza kuti ndathetsa mavuto a Milepa yonse.

A Rafaeli ndidawapeza atadwala sitiroko. Dzanja lamanja lidangogona pamwendo. Thumba lidalipo, anyamata adalipo, koma mzere kudalibe. Aliyense ankadzikulunga mmene akudziwira.

Pakati pawo padali Lajabu, wa kabaza, bambo wa ana atatu, amene tinkaima naye limodzi pamzere kale. Ndidamupeza akudzimanga ndi malegeni, omwewa odula ku chubu cha njinga, akukoka ndi mano.

"Aise, n'chiyani chimenecho?" ndidamufunsa.

"Wayambapo za kwa azungu," adaseka. "Legeni imagwira thumba la makilo fifite kuchoka pano mpaka ku Boma osagwa. Ilephere kadzanja aka?"

A Rafaeli adali atamuletsa kangapo, koma mawu awo tsopano ankatuluka molemera, ndiye anyamatawo ankanamizira kusamva. Tsikulo a Rafaeli adandikodola ndi dzanja lamanzere.

"Iwe wa ku Kepi, m'bweretse kuno."

Titamasula malegeni, zala za Lajabu zidali zitatuwa, pamkono potupa ngati mbatata. Mphirayo inkatseka magazi, dzanja n'kuchita dzanzi, ndiye ankamenya thumba osamva kuti akudzipweteka. A Rafaeli adadina pamenepo ndi chala chimodzi. Lajabu adalumpha.

"Handulo ukuigwira bwanji?"

"Ndi dzanja limodzi, madala. Masabata awiri okha."

"Utakweza mayi woyembekezera kumbuyo? Potsetsereka?"

Lajabu adayang'ana pansi.

"Dzanja si katundu wa pakaliyala, mwana wanga. Ukalithyola, ana ako adzadya thumbali?"

Ndidatulutsa mabandeji anga a m'sitolo. A Rafaeli adakoka limodzi ndi mano, n'kulisiya. "Likutanuka ngati lamba wa kabudula wamkati," adatero, anyamata n'kufa nacho chiseko. Kenako adaitana mayi Bibiana kuti abweretse zakale zija m'kabasiketi.

"Um'mange ndiwe. Manja ndi ako, maso ndi anga."

Ndinkayesa ndikukumbukira. Ndidangozunguliza kawiri, iwo n'kundigogoda ndi ndodo pabondo.

"Osakoka! Nawenso ndiwe wa kabaza? Nsalu timaigoneka, sitiikoka. Masula."

Ndidamasula katatu. Kachinayi adangogwedeza mutu, n'kumuuza Lajabu kuti asiye njinga pomwepo, m'mawa mwake akajambulitse kuchipatala. Zidapezeka kuti fupa lidang'aluka. Adamuika chikhakha masabata asanu ndi limodzi, njinga akuyendetsa mlamu wake.

Tsiku lomwe adachotsa chikhakha, Lajabu adafika pamtengo paja akupukusa mkono, maso ali pathumba. A Rafaeli adam'gwira pamkono nthawi yaitali, akupapasa fupa.

"Lapola," adatero pomaliza. "Lapola la handulo. La nkhonya ayi."

"Madala, ndimanga bwino tsopano. Andimanga wa ku Kepiyu."

"Likang'alukanso pomwepo silidzagwiranso kanthu. Taona langali." Adatukula dzanja lawo lopuwalalo ndi linzake, fupa lokhota lija lili poonekera.

"Kamodzi kokha, kotsanzika."

"Ngakhale kamodzi."

Lajabu adakwera njinga n'kuchoka osatsanzika. Mwezi wathunthu ankadutsa pamsewu osawapatsa moni. A Rafaeli zidawawawa, chifukwa mwa anyamata onse amene adawamangapo, Lajabu ndiye adali ndi nkhonya yeniyeni. Adandiuza okha tsiku lina tikupinda nsalu. Koma mawu awo sadabweze.

Pano Loweruka mzere ulipo ndithu, waufupi, ndipo womanga ndine, iwo ali pambali ndi ndodo yawo. Sindikudziwa ngati ndikhalitse kuno. Lajabu thumba sadalikhudzenso. Mwezi uliwonse ndi iye amene amabwera kudzawatenga kupita nawo kukalandira mankhwala a BP. Amawakhazika pakaliyala, mayi Bibiana n'kuwaikira pilo, ndipo asanapalase amayamba kudandaula.

"Mudandiphera tsogolo, madala. Bwenzi pano ndili katswiri, ndikuoneka pa TV."

"Eya, a katswiri," amatero a Rafaeli, atam'kolowekera dzanja lamanzere m'chiuno. "Gwirani ndi manja onse awiri, kutsogoloku n'kotsetsereka."