Chaka Chimene Tinabwereka Womwetsa Zigoli

Mundikhululukire poyamba, chifukwa ine si munthu wolemba. Sukulu ndinaphunzira ya pamudzi pathu, kumtunda kwa Mlare, ndipo Chichewa ndinachidziwira m'kalasi ndi pa wailesi. Kunyumba timayankhula Chitumbuka. Mawu ena akamatsimphina, muwapirire. Ndangofuna kuti nkhani ya jezi yanga ilembedwe penapake, popeza pamsika aliyense amaifotokoza mmene akufunira, ndipo ine sinditha kutsutsa anthu pamaso.

Timu ya m'mudzi mwathu ndi yaing'ono. Timasewera pabwalo la sukulu ya pulayimale. Magolo ake ndi mitengo ya bulugamu yopanda ukonde, ndipo udzu zimatidulira ndi ng'ombe. Ine ndinkavala jezi ya nambala 9. Sindinali woopsa, koma ndinkathamanga, ndipo pa zigoli zochepa zimene tinkapeza, zambiri zinali zanga. Chaka chimenecho kunabwera chikho cha matimu a m'dera lathu, choti ndime yomaliza idzaseweredwe nyengo ya Khirisimasi. A komiti anakhala pansi n'kugwirizana kuti ine ndikadali mwana, miyendo sinakhwime, ndiye abwereke munthu wodziwa.

Anamupeza ku Chilumba, ku timu ina imene inali itamukhazika pa benchi. Anali bambo wochokera ku Mangochi, amene pa unyamata wake anasewerako mpira wa m'tauni mpaka kutchulidwa pa wailesi. Pangano linali lakuti asewere nafe mpaka chikho chithe. Akachita bwino, a komiti adzapempha kuti akhaliretu, ndipo adzamupatsa munda wa mpunga. Tanthauzo lake aliyense ankalidziwa: iye akakhala, ine ndidzakhala panja.

Nkhaniyi inafika pamsika iye asanafike. Anyamata a kabaza ankaimba mabelu n'kumati, “Chikho chabwera kale, kwatsala n'kuchipukuta!” Amayi amene amatichemerera anapeka nyimbo ya munthu amene sanamuonepo. Bambo wina wochita malonda ku Songwe anabwera ndi nsapato zatsopano za mpira, atachita kuyerekeza saizi. Amene sanasangalale anali bambo wogulitsa nyama pafupi ndi chigayo.

“Mwabwereka khasu lakutha,” anatero akunola mpeni. “Ndani amabwereketsa khasu lakuthwa mvula ili pafupi?”

“Inu nyama yanu ndi ya ng'ombe zokalamba, koma timagula,” anawayankha wa kabaza wina.

Ine ndikamadutsa ankatsitsa mawu, kenako wina n'kunena kuti, “Pepa, mnyamata.” Ndinkamwetulira, chifukwa sindinkadziwa chochita china.

Mlendoyo anatsika minibasi ndi kachikwama kamodzi, akuponda mosamala mwendo wamanzere. Kochi wathu, amene ndi mphunzitsi pasukulu pomwepo, anandiuza kuti ndipereke jezi ndekha. Ndinaipereka ndi manja awiri, nditanyonyomala pang'ono, monga tichitira popereka chinthu kwa mkulu. Anthu anawomba m'manja. Kenako panabuka funso la kogona, ndipo a tcheyamani anati akhale kwathu, chifukwa chipinda cha mkulu wanga chinali chopanda munthu. “Komanso mnyamata uyu sakana,” anawonjezera. Zinali zoona. Kuyambira tsiku limenelo ndinkawatchula kuti akulu, iwo n'kumanditchula kuti mphwanga.

Kwathu mlendo sadya nyumba imodzi. Tsono mlendo uyu anali ndi miyendo imene aliyense ankafuna kuti idye za m'mbale yake, kuti akadzagoletsa adzati, “Mpunga wanga uja ndi umenewo.” M'mawa tinkaitanidwa ku mbalagha, nthochi zophika pamodzi ndi nyama ya ng'ombe. Masana kunali mpunga wa kilombero. Tikamabwerera, mwana ankatithamangira ndi chikho cha chambiko, mkaka wosasa uja. Ine ndinkawaperekeza kuti ndiziwamasulira Chitumbuka. Ankandinong'oneza kuti, “Mphwanga, uwauze kuti ndakhuta.” Ndikayang'ana nkhope za amayi amene aphika, mawuwo ankandikanika. Ndinkangoti, “Akuti yewo chomene,” kutanthauza zikomo kwambiri, ndipo amayi aja ankawonjezera chakudya.

Pabwalo kochi anandiika kumphepete kuti ndiziponyera mipira pakati. Masewero oyamba akulu anagoletsa ndi mutu, osathamanga n'komwe. Anangodziwa poima. Anthu anawanyamula mpaka pamsika, ndipo nyumba zowaitana zinachuluka. Kuchokera pamenepo, ndikangogwira mpira, bwalo lonse linkakuwa kuti, “Mupatse mkulu! Mupatse mkulu!” Ndinkawapatsa. Ngakhale nditatsala ndekha ndi goloboyi, ndinkaima n'kuwafunafuna. Ndinaleredwa kuti mwana sasamba m'manja mkulu asanasambe, ndipo kugoletsa iwo ali pomwepo kunkandionekera ngati kuyamba kutema ndiwo.

Matimu ena anazindikira msanga. Ankawazungulira ndi anthu atatu, ine n'kundisiya ndikuyendayenda ngati mbuzi yosamangidwa. Akulu nawo anayamba kulemera. Jezi inayamba kuwathina pamimba, ndipo akathamanga pang'ono ankagwira m'chiuno. Tinkapambana movutikira, nthawi zina pa mapenate. Nyimbo ya amayi ija inachepa mphamvu, ndipo anyamata a kabaza anayamba kukuwa kuti, “Tibwezereni mpunga wathu!” Komabe madzulo ake amayi awo a anyamata omwewo ankatumiza mwana kudzawaitana.

M'mawa wina, titapambana masewero otilowetsa m'ndime yomaliza, ndinawapeza pakhonde akuthowa bondo ndi madzi otentha.

“Mphwanga, khala apa,” anatero. “Dzulo goloboyi anali atagwa. Iwe n'kundipatsa mpira ine ndili pakati pa zimphona zitatu. Unkafuna andiphe?”

“Ndimati ulemu, akulu.”

“Ulemu ndi wa pamkeka. M'bokosi mulibe mkulu, mulibe mwana. Ukamenya, anthu atatu aja mmodzi abwera kwa iwe, ine ndipumeko.”

“Anthu anena kuti ndakumanani.”

“Anthu ake ati? Omwe andinenepetsawa?” Anaseka, kenako anafinya kansalu. “Usaganize kuti ndikukupatsa malo. Munda uja ndikuufuna, bondo ili latsala pang'ono kundichotsa ntchito. Koma ukapitiriza chonchi, atithamangitsa tonse awiri.”

Ndinangowatengera madzi ena kukhitchini.

Ndime yomaliza inaseweredwa tsiku lotsatira Khirisimasi, pabwalo lathu lomwe, ndi timu ya asodzi ochokera kunyanja. Dzulo lake akulu anali atadya Khirisimasi m'nyumba zingapo, ine ndikumasulira monga kale. Mvula inali itagwa m'mawa ndipo pabwalo panali poterera. Asodzi anatimwetsa chigoli masewero atangoyamba.

Chigawo choyamba chisanathe, mpira unandipeza pakona ya bokosi, palibe wondilonda. Amayi ochemerera aja anayamba, “Mupatse mkulu!” Ndinakweza maso n'kuona akulu ali pakati pa anthu awo atatu. Akuluwo anakuwa kuti, “Menya!” Ndinamenya. Mpira unadutsa pamwamba pa golo n'kukagwera m'munda wa chinangwa wa a hedi. Bwalo lonse linaseka, asodzi ndi athu omwe. Azakhali anga, amene amatsogolera nyimbo, anafika mpaka pamzere. “Mwana wopanda mwambo iwe! Mkulu ali pomwepo!” Ndinalakalaka nthaka itandimeza. Akulu okha anawomba m'manja, akupuma movutikira.

Chigawo chachiwiri asodzi anatimwetsa chachiwiri. Patapita nthawi mpira unandipezanso pamalo omwe aja. Kukuwa kunali kwa mitundu iwiri tsopano, ena “Mupatse!” ena “Menya wekha!” Ulendo uno ndinamenya pansi. Mpira unagunda mtengo wa bulugamu n'kulowa. Popeza tilibe ukonde, panali mkangano pang'ono, koma woimbira analoza pakati. Sindinadziwe kosangalalira, ndinangothamangira kwa akulu. Anandigwira mutu n'kuti, “Bwerera, tikadali kumbuyo.”

Zimene ananena zija zinachitikadi. Mmodzi wa anthu atatu aja anabwera kudzandilonda, ndipo akulu anapeza mpata. Ndinawaponyera mpira wabwino, analumpha, mutu unaufikira, koma goloboyi anaugwira. Potera, bondo linakana. Anatuluka atakolowekedwa pamapewa a anthu awiri. Tinagonja ndi zigoli ziwiri kwa chimodzi, ndipo asodzi ananyamula chikho n'kukwera lole yawo akuimba.

A komiti sanadikire tsiku lina. Anakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa golo, anthu atawazungulira. Ena ankati mlendo akhale, chifukwa popanda iye sitikanafika kumeneku. Wogulitsa nyama uja anati, “Ndinanena za khasu.” Azakhali anamuyankha kuti khasulo analilemetsa ndi iye yemwe, chifukwa nyama ya mbalagha yonse inkachokera pa tebulo lake. Anthu anaseka, ngakhale tinali titagonja. Kochi anangoti, “Mnyamata wamenya kawiri lero. Chaka chonse ndimayembekeza zimenezi.” Pomaliza a tcheyamani anaimirira n'kunena kuti pangano latha, mlendo abwerere ku Chilumba ndi ulemu wonse, ndipo amupatse thumba la mpunga la kuthokoza.

Akulu anamva zonse atakhala pa benchi, mwendo atautambasula. Za munda sananene kanthu. Anangovula jezi n'kundiponyera ndi dzanja limodzi. Ine ndinailandira ndi manja awiri. Inali yonyowa ndi matope, ndiponso itatanuka pamimba moti amayi anga anachita kuibweza ndi singano, ndipo msoko wake ukuonekabe mpaka lero ndikaivala.

“Mphwanga,” anatero, “ukawauze amayi ako kuti madzulo ano ndingomwa tiyi. Ndipo ukanene mmene ndanenera.”

Ndinakanena mmene ananenera. Umu ndi mmene nkhani ya jezi inathera, pa 26 Disembala.