Ndodo Zimene Ndinawamba Ngati Milamba

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali ndi zaka khumi, kwathu kwa Kasisi, mkulu wanga Esinati akudikira kumva ngati wasankhidwa kupita kusekondale. Mayina ankawerengedwa pawailesi, koma kuchigwa kuno wailesi yathu inkangolira ngati mvula pamalata.

Malume, amene ankakonza njinga, anati apanga eriyo yoti wailesiyo izimveka bwino. Ankafuna kupinda ndodo kukhala mkombero ngati wa lichero, n'kuukulunga ndi waya, n'kuukweza pansungwi. M'mawa wa tsikulo anandipatsa ndodo ziwiri zaziwisi, anati ndiziviike m'madzi kenako ndiziwambe, iwo akukafuna waya.

"Wabva, mwanawe?" anandifunsa m'Chisena chawocho.

Ndinayankha kuti ndamva, koma mutu unali utaima. Chinthu n'kuchinyowetsa, n'kuchiumitsanso? Kuwamba kumene ndinkakudziwa ine kunali kwa milamba ya amayi. Ndinaziyala ndodozo pautsi, n'kumazitembenuza mwaluso mpaka masana, zitauma gwa.

Malume atangoyesa kupinda, yoyamba inati thyo. Yachiwirinso chimodzimodzi. Anazinunkhiza, n'kundifunsa ngati ndathiranso mchere. Iwo ankatanthauza kungozidutsitsa pamoto kuti zifewe, zipindike zikadali zotentha. Nthawi yokadula zina panalibe.

Mkomberowo ndinakhala ine. Anandiimika pachulu, manja m'mwamba, waya wozungulira ndili naye m'manja, dzuwa la ku Chikwawa likundiwotcha paliwombo. Wailesi pansi pamtengo inayamba kumveka bwino. Mayina anali ambiri, ndipo sindinkadziwa kuti afika pati. Mapewa atayaka moto ndinatsitsa manja pang'ono chabe.

Pamenepo n'kuti akuwerenga za sukulu yathu. Onse anamva "Esinati", dzina la bambo linamira m'phokoso. M'kalasi mwawo munali a Esinati awiri.

Amayi anayamba nthungululu n'kuilekeza pakati. Ine pachulupo sindinadziwe ngati nditsike, ndiseke kapena ndilire. Kwa masiku anayi mkulu wanga anachapa zovala zake n'kuzipinda m'chikwama, mpaka aphunzitsi aakulu atabwera ndi pepala kuchokera kuboma. Anali Esinati winayo.

Ndikudziwa tsopano kuti manja anga sakanasintha dzina papepalapo. Koma masiku anayi achiyembekezo chabodza aja ndinamupatsa ndine, chifukwa ndinaopa kuoneka wopusa pofunsa funso limodzi. Mkulu wanga sanandikalipire. Ndinamuona akutulutsa zovala zija chimodzichimodzi, ndipo zimandiwawabe mpaka lero.