Njinga imene alamu anga anaichotsa mabuleki

Ndikudziwa kuti ena mukamva nkhaniyi munena kuti ndakokomeza, koma zimenezi zinandichitikira ine mwini wake, ndipo amene akukayika abwere kwathu ku Rutendo adzagwire phewa langa lakumanzere, fupa lake linalumikizana mokhota mpaka lero. Mayina sinditchula, ngakhale mwini nkhaniyi akadziwerengera adzadzizindikira, ndipo zimenezo ine zilibe nane kanthu.

Zaka zingapo zapitazo ndinkagwira ntchito yaulonda wamasana pasitolo ina m'tauni ya Kwekwe, ndipo ndinkapita pa njinga tsiku lililonse. Inali njinga yampikisano, ya matayala owonda ngati chala, yopepuka moti umainyamula ndi dzanja limodzi. Ndinkaikonda, ndisaname. Ndiye filiwilo yake, kachitsulo ka mano kakumbuyo kamene kamalola gudumu kumazungulira iwe utasiya kupalasa, inayamba kuterereka. Ukaponda pedulo phazi limangopita pansi njinga osasuntha, ndipo m'masitolo onse amene ndinafunsa ankangondipukusira mutu kuti ya mtundu umenewo kulibe.

Apa m'pamene analowerera alamu anga, achimwene awo a akazi anga. Bambo amenewa anagwirapo ntchito kufakitale ya zitsulo isanatsekedwe, ndipo ukawamva akufotokoza ungaganize kuti fakitale yonseyo anaimanga okha ndi sipanala imodzi, chonsecho anzawo amati ntchito yawo inali yonyamulira amisiri bokosi la zida. Anakakhalakonso ku Joni miyezi yowerengeka, basi kubwera kumeneko chilichonse ankachidziwa ndi iwo. Kodi munamuonapo munthu woti ngakhale nkhuku ikudwala chitopa amayamba ndi mawu akuti ku Joni timatere? Ameneyo ndiye alamu anga.

Ataiona njingayo anaseka, nkunena kuti ndikuvutikiranji ndi zinthu zachikale pamene anzathu kumeneko anasiya kale filiwilo, amangomanga giya imodzi yolimba pagudumu, imene amati fikisi. Anati gudumu likamazungulira mapedulo nawonso amazungulira, ndipo ukafuna kuima umangolimbitsa miyendo nkukanikizira mapedulo m'mbuyo. Loweruka m'mawa anabwera ndi kagiya kawo m'thumba la jekete, anachotsa filiwilo ija, napotokolera kagiyako pamazinga omwewo a habu, chitsulo cha pakati pa gudumu chija. Kenaka anakoloweka tcheni chakale pakagiyako, nalumikiza chitsulo, navekanso paipi yaitali, nkuikwera ndi thupi lonse mpaka misempha ya m'khosi kutuluka. Ankati kufakitale bauti yomangidwa ndi paipi inkamasulidwa ndi moto wokha, hapana nhamo, zvakanaka, kutanthauza kuti palibe vuto, zonse zili bwino. Atatha anamasula mabuleki onse awiri nawaponya pakhonde, amvekere mabuleki a mwamuna ndi miyendo yake.

Akazi anga anandiitanira kuseri nkundinong'oneza kuti achimwene awowo anawonongapo wailesi, ayironi ndi mpope wa madzi, onsewo akuti akukonza, ndiye ndibwezeretse ngakhale buleki imodzi yokha. Ine ndinawayankha kuti za njinga azisiyire amuna. Mawu amenewo ndimachita nawo manyazi mpaka pano, chifukwa chitsiru pakhomo paja sichinali chimodzi, tinalipo awiri.

Masiku anayi oyamba zinkaoneka ngati zatheka. Njinga inkauluka, yopanda phokoso, ndipo anyamata a makombi, maminibasi akuno, ankandiimbira mluzu ine nkumadzimva. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndinkayenda pang'onopang'ono pamalo otsetsereka, motero sindinafike poikanikiza ndi mphamvu zenizeni.

Tsiku lachisanu ndinachedwa kunyamuka, dzuwa litakwera kale, ndiye ndinadutsa njira yachidule imene imatsetsereka nkukadumpha njanji. Ndinali pa liwiro loti jekete linkachita kuwomba kumbuyo. Ndili pakati pa chitsetsereko ndinamva huta, ndipo nditadzutsa mutu ndinaona sitima ya katundu ikutulukira kuseri kwa mitengo, yaitali, yosathamanga kwenikweni koma yoti ifika pamphambano nthawi imodzi ndi ine. Ndinachita zimene anandiphunzitsa: ndinaimirira, nkukanikizira mapedulo m'mbuyo ndi mphamvu zanga zonse. Ndinamva kuti khwe! Miyendo inangozungulira m'malere, kagiya kaja katamasuka, tcheni chili lendelende. Zala zanga zinathamangira pamene pamakhala mabuleki, zinangofinya mpweya.

Abale anga, mantha ndinawadziwa tsiku limenelo. Ndinkaona bwinobwino magudumu achitsulo a mabogi akupera njanji, ndikudziwa kuti m'menemo ndi momwe ndikupita. Amayi ogulitsa matimati m'mbali mwa msewu anayamba kukuwa kuti maiwe, ena atagwira kumutu, wina atatembenuka kuti asaone. Ndinayesa kuponda tayala lakutsogolo ndi nsapato, koma katayala kowonda kaja kanangoitaya nsapatoyo kutali. Ndinaganiza za ana anga atatu, kuti akauzidwa kuti bambo awo anawatola m'zidutswa chifukwa cha nzeru za amalume awo, ndipo pamodzi ndi manthawo ndinapsa mtima koopsa. Patatsala mapazi owerengeka ndinatseka maso nkudziponya kumanzere, pamiyala ya m'mbali mwa njanji. Ndinagubuduzika mpaka ndinaima mutu uli pafupi kwambiri ndi njanji moti mphepo ya mabogi inkandipemerera kumaso, ndipo njinga ija inapitirira yokha nkulowa kunsi kwa sitima.

Anandinyamula ndi makorokoza, anyamata okumba golide aja amene ine ndinkawanyoza kuti ndi akuba. Mmodzi wa iwo, amene anali atagwirapo ntchito yokonza njinga, anatola chimene chinatsala cha gudumu nkuchiyang'ana, kenaka anandifunsa ngati ndili ndi adani. Anandifotokozera kuti habu yeniyeni ya fikisi imakhala ndi mazinga a mitundu iwiri, ena a giya ndi ena otembenuka a mphete yotsekera, kuti giya ikafuna kumasuka mpheteyo izilimba. Habu yangayo inali ndi mazinga a mbali imodzi, ndiye kupalasa kutsogolo kunkamanga, kukanikizira m'mbuyo kunkamasula, ngakhale utamanga ndi paipi yotalika bwanji.

Alamu aja anabwera kuchipatala tsiku lachitatu, chimanjamanja, ngakhale nthochi imodzi. Pepani sanamutchule. Anati vuto ndi ine, ndinakanikiza mwachimidzi, fikisi imafuna munthu wozolowera. Nditawauza za mphete ija anaseka nkunena kuti aa, zimenezo amazidziwa, ku Joni gudumu lomangidwa choncho amalitchula kuti habu yodziphera. Ankadziwa! Munthu kudziwa dzina lotero, nkumangira bambo wa ana a mlongo wake, nkuchotsanso mabuleki? Akazi anga anawaperekeza mpaka pageti, ndipo atabwerako anandiuza kuti achimwene awowo anabwera pa njinga yawo, ya filiwilo, mabuleki awiri atsopano ali ng'aning'ani.

Ena kutchalitchi ankati pali dzanja la munthu, wina anandilodza. Ine ufiti umenewo sindiukhulupirira. Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti pali anthu amene amayesera nzeru zawo pathupi la mnzawo, ndipo amenewa ndi oopsa kuposa mfiti chifukwa amabwera masana, nkudya nawe m'mbale imodzi. Alamu anga ndimawapatsa moni pamaliro pokha. Inu amene mukufuna fikisi, gulani habu yake yeniyeni ndi mphete yake, buleki yakutsogolo isachoke. Ndipo mmisiri aliyense akakuuzani kuti chinthu chalimba, muuzeni akwere yekha atsetsereke nacho kunjanji, inu mutaima pamtunda mukuonerera.